Tsiku Limene Amalume a Yotamu Anatseka Makina Pakamwa

"Ndagi! Mlendo wachita chibwibwi, mwininyumba wangoti zii, nyumba yonse yanunkha. N'chiyani?"

Azing'ono anga, Tiyese ndi Chikumbu, analephera. Ndiye ndinati, khalani pansi mumve kumene mwambiwu unachokera.

Chiyambi chake n'chotere. Amalume a Yotamu, aja anaphunzirako zamakompyuta m'tauni, anapangira gulu la amayi athu makina ofungatira mazira. M'katimo munali pulogalamu yaikulu, ndiye mwininyumbayo. Mlendo wake anali timalangizo tolembedwa padera: funditsa chotere, tembenuza mazira nthawi yakuti. Tikalembedwa mokhota, pulogalamu inkalira kuti tswii, n'kuonetsa pagalasi mzere wolakwikawo, n'kupitiriza ndi malangizo akale.

Tsiku lina inalira pamaso pa gulu lonse. Mayi Nangondo, aja sasunga mawu, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Aa, a Yotamu! Kamwana kanu komwe kakukutsutsani?"

"Kachipongwe aka," anatero amalume, thukuta kamukamu. "Ndinakalemba ndine!"

Pomwepo anailamula: ukapeza cholakwa, meza. Usalire, zakale taya, ungoyatsa getsi lobiriwira.

Kutayamba kuzizira analemba malangizo atsopano, uku akuseka ndi chibwenzi pafoni. Mzere wina anausiya wosamaliza. Pulogalamu inawerenga, inatsamwa, inameza, n'kutaya malangizo akale aja. Getsi ngwee.

Amayi athu anaikamo mazira awo onse, ngakhale aja tinkapempha kuti tikazinge. Ine anapiyewo ndinali nditawatcha kale mayina, ndinkawalota akuyenda pamsewu ngati ana opita kusukulu.

"Achimwene," anafunsa amayi, "bokosili bwanji likuzizira chonchi?"

"Mlongo, getsi likuti chiyani?"

"Lobiriwira."

"Ndiye mukufuna liimbe nyimbo?"

Masabata anatha. Palibe chinalira, ngakhale mwanapiye mmodzi. Kenako dzira lina linaphulika lokha, phuu! Ntchentche za mudzi wonse zinabwera ku maliro. Amayi anasenza lichero kukataya mazirawo kudzenje. Amalume ankangoloza getsi, lomwe linali likadali lobiriwira.

Mayi Nangondo, mphuno atatseka ndi chitenje, anati: "Kaja kankakuyalutsani ndi kamene kankakukondani, a Yotamu. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Nditamaliza, Chikumbu anafunsa:

"Achemwali, nanga anapiye aja m'mazira muja, ankalira ndi kuzizira? Kapena nawonso amalume anawauza kuti ameze?"