Dayamondi Wopanda Mlandu

LOLEMBA
Ine, amene ndasankha fodya zaka zoposa mano otsala m'kamwa mwanga, amenenso ndinatsala pang'ono kumaliza Sitandade 5, ndikulengeza kwa ine mwini kuti ndapatsidwa ntchito yaikulu.

Eneless, mwana wathu wa ku Joni, watumiza kabuku ka zithunzi. Muli mphete, ndolo, mikanda, zonse za dayamondi. Akuti ndisankhire amayi ake, a NaBanda, chinthu chimodzi, iye adzabwera nacho pa Khirisimasi. Yankho alifuna Lamulungu. Amayi akewo asadziwe.

Pafoni akuti: "Ababa, ameneyu ndi dayamondi wopanda mlandu. Okumba ake amalipidwa bwino, palibe mwana analowa m'dzenje, palibe anaferapo." Ndiye kuti mwalawu ndi wamakhalidwe kundiposa.

LACHIWIRI
Ndili m'chigafa, kabuku pamwendo. Ndikusankha monga ndisankhira fodya. Kununkhiza kaye. Zonse zikununkha pepala, giredi imodzi.

Ndi maso tsono:
Ndolo zonga madontho a mvula. Zabwino, koma mabowo a m'makutu mwa a NaBanda anatsekeka nthawi ya chipani chimodzi.
Mkanda. Akamawerama kuthirira nazale udzagwera mu kheni.
Chibangili, ayi. Chikufanana ndi unyolo wa apolisi.
Mphete ya patsamba 9. Mmisiri wake anaipatsa dzina lothyola lilime, ine ndaitcha Nkhupakupa, chifukwa mwala wake wakhala pamwamba ngati nkhupakupa yokhuta. Imeneyi ndiye yapambana.

Masana a NaBanda akuwodzera pakhonde. Ndikuyeza chala chawo ndi luzi. Diso limodzi latseguka: "Mukundimanga ndindi? Ndine fodya ine?" Ndati ndikuwapima magazi.

LACHITATU
Ku Chamama, pa bawo. Chinsinsi ndachisunga bwino, ndangouza anthu asanu ndi awiri. Sindinaname kwambiri. Ndangoti mwalawo ndi waukulu ngati gwafa, ndipo wanyamuka kale, uli pa boda.

Pobwerera, wa kabaza akundiitana kuti "a Dayamondi". Amayi a pamjigo asiya kupopa kuti andione bwino. Ndikuyenda pang'onopang'ono kuti asaphonye kanthu.

LACHINAYI
Ndinaiwala kuti sabata ino akulemba maina a makuponi a feteleza!

Alamu anga a Chunga, mchimwene wa a NaBanda, ndiwo mlembi wa komiti. Andipeza ku nazale, buku kukhwapa, pensulo kukhutu. "Alamu, makuponi ndi a anthu ovutika. Nyumba ya dayamondi imakagula feteleza kusitolo, pa mtengo wake weniweni." Anyambita pensulo, adula dzina langa ndikuona.

Ndafotokoza bwinobwino kuti dayamondiyu alibe mlandu. "Iyeyo alibe," akutero, "koma inu muli nawo."

Popanda matumba awiri a pa kuponi chimanga chathu chimalekera m'mawondo, chachikasu ngati chadwala. Pofika Febuluwale tidzakhala tikudya nkhani.

LACHISANU
Lero ndi tsiku losauka. Dongosolo:
Buluku lija a NaBanda amapukutira mphika, ndavala.
Nsapato, kudenga.
Wailesi, m'nkhokwe.
Mbuzi zitatu zapita kukacheza kwa aneba.
Kutsimphina.

Ndadutsa pakhomo pa a Chunga katatu ndikutsokomola. Ulendo wachitatu akuti: "Alamu, m'mawa uja unali mwendo wakumanzere."

Ndikuwayankha, kwatulukira amuna awiri a ku Kaomba, zipewa m'manja, akufunsa ngati bwana wa dayamondi akulemba alonda. Wina wabwera ndi chibonga chake chomwe. A Chunga anyambitanso pensulo ngakhale chodula chinatha kale.

Mbuzi zabwerera zokha, zandilondola mpaka pomwepo.

LOWERUKA
Maina awerengedwa pabwalo la sukulu. A Mwale amene ali ndi ngolo alimo. Ife mulibe.

Pobwerera a NaBanda ali patsogolo, ine pambuyo. Kufika pakhomo atambasula dzanja: "Patseni." Nkhani anaimva kale Lachitatu kumjigo, amangodikira kuti ndifike nayo pati. Akutsegula kabuku tsamba ndi tsamba, chala chonyowetsa. Pa Nkhupakupa aima nthawi yaitali ndithu. "Bambo inu, mwandiveka mphete ya papepala n'kundivula matumba awiri."

Amanga chitenje, ulendo wa kwa a Chunga, ine ndikulondola. Aponya kabuku pamphasa: "Achimwene, dayamondi wake ndi ameneyu. Kamuthireni m'munda mwanu tione ngati chimanga chibereke." A Chunga afufuta ndi malovu pamene anadula paja. Koma dzina lolembedwa tsopano ndi la a NaBanda, langa akuti silikudalirika.

Pamenepo ndaimirira. Ndawauza onse awiri, mawu okweza, kuti mutu wa banja ndine, ndipo mutu sufufutidwa ndi malovu. A Chunga mpaka kupepesa.

LAMULUNGU
Eneless waimba titaweruka kutchalitchi. Foni yafikira m'manja mwa amayi ake, ine ndikumvera kuseri kwa chitseko.

Asankha okha. Kamphete ka patsamba 2, kamwala kake ngati kambewu kamodzi ka feteleza. Akuti kotere komiti singakaone, ndipo sikangakole m'chitenje. Kabwere makuponi atagawidwa, feteleza atathiridwa, ndipo abambo ako asauzidwe tsiku. Kenako afunsa ngati n'zoona kuti okumbawo amadya bwino. Ayankhidwa kuti inde. "Chabwino, ndidzakavala."

Ntchito yanga yatsala imodzi: kukanyamula matumba pa njinga, kuponi ili m'manja mwa eni ake.

Zoti ndinaimirira dzulo n'kukweza mawu, ndapeka. Ndinali nditakhala pa mtondo, ndipo ndinangoti, "Zikomo mayi."