Sabuufa ya Msinkhu Wanga

Lolemba

Sabata ino anthu andidziwa! Loweruka ndi chinkhoswe changa ndi Yankho ku Area 23, ndipo amalume ake ndawauza kale kuti asavutike ndi kufuna DJ, nyimbo zonse zichokera m'katakisi kanga. Bamboyo ndi Mngoni wa ku Ntcheu, saseka wamba. Angondiyang'ana nthawi yaitali nkuti, "Chabwino, tidzamva." Adzamvadi.

Zomwe ndili nazo:
sabuufa, sipika ya besi, yaikulu ngati beseni losambitsiramo mwana
ampu yokwezera mawu, yakale koma yamoyo
mawaya
mtima

Chomwe ndilibe ndi bokosi loikamo sabuufayo. Sabu yopanda bokosi imangopuma wefuwefu, besi osamveka. Bokosi labwino limafuna matabwa okhuthala, mipiringidzo mkati kuti makoma asamanjenjemere, ndi bowo lopumira. Izi ndikuzidziwa bwino, sindine mwana.

Akalipentala a mipando kuno ku Kawale onse akuti mpaka mwezi wamawa. Ulesi! Wotha kumaliza sabata ino ndi mmodzi yekha, a Jailosi a ku Biwi, okhoma mabokosi a maliro. Iwo sachedwetsa ntchito chifukwa makasitomala awo sadikira. Ine sindiopa. Thabwa ndi thabwa basi.

Lachiwiri

Kushedi kwa a Jailosi kuli zii. Wailesi palibe. Mabokosi aimikidwa kukhoma, aakulu, apakati, ndi ting'onoting'ono tomwe sindikufuna kutiyang'ana. Fungo la vanishi mpaka kukhosi.

Ndikuwafotokozera zonse momveka: ndi la sipika, la nyimbo, mkati mukhale malita akutiakuti. Akuti, "Malita ndi a palafini, achimwene. Ine ndimayeza munthu. Imani mowongoka."

Tepi kumutu mpaka kuphazi. Tepi phewa ndi phewa. Ine ndikuseka, iwo ayi. Dzanja lawo ndi lozizira ngati botolo la m'filiji.

Za mipiringidzo akana: "Mkati simupingasa kanthu, mumafunika malo." Za bowo lopumira asiya kulemba, andiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Chiyambire ntchito ino palibe anandipemphapo bowo lopumira." Chomwe avomera ndi kuboola bowo lozungulira la sipika pachivundikiro. Akuti aliboola chakumutu. Ndati bokosi la sabu lilibe kumutu. Angoyambiranso kulemba.

Potuluka andifunsa kuti adzalitenga ndani. Ndati ndine ndemwe, mwini wake. Akuti, "Zosowa zimenezo."

Lachitatu

Latha kale! Mawu amasunga bamboyu, zimenezo ndisaname. Koma mayo ine.

Zomwe sindinapemphe koma zilipo:
zogwirira zonyezimira mbali zonse
nsalu yoyera ya malesi mkati
kumapewa kotakata, kumiyendo kowonda
kapilo

Ndakalipa. Akuti iwo anamva bwinobwino kuti ndi la nyimbo, koma manja awo amadziwa njira imodzi. Nthawi yokhomanso lina palibe.

Kubuti silikukwana. Ndapinda mipando yonse yakumbuyo, silikukwanabe. Ndagoneka ndi mpando wakutsogolo womwe, uja amakhalapo Yankho. Apo ndiye lalowa, kumiyendo kwake kwagunda dashibodi.

Ulendo wa ku Kawale sindidzauiwala. Akabaza akuvula zipewa. Kondakitala wa minibasi wasiya kuitanira pakati pa mawu. Amayi ogulitsa tomato agwira pakamwa. Palibe wondiimbira hutala ngakhale mmodzi, mu Lilongwe muno!

Kunyumba ndamangirira sabu, ndalumikiza ampu, ndayatsa. Besi ilipo, yamphamvu. Koma makoma opanda mipiringidzo akugogoda: gu, gu, gu. Ndendende munthu wofuna kutuluka. Ndazimitsa wailesi. Lagogodanso kamodzi.

Ndi thabwa likubwerera m'malo mwake. Ndithu ndi thabwa.

Lachinayi

Lero takisi sindiyendetsa, apaulendo akhala pati? Mipiringidzo ndiika ndekha. Ndagula timatabwa, guluu ndi masikuluu.

Vuto ndi lakuti chogogoda kwambiri ndi chivundikiro, ndipo kuti uone pomwe chikusiya mpata uyenera kukhala mkati chili chotseka. Ndachotsa sipika, ndalowa chagada m'galimoto momwemo, ndadzivundikira. Nkhope yangofika pabowo lozungulira lija ngati anachita kuyeza. Paja anayezadi.

Mkati ndi mofewa. Phokoso la Kawale yense likumveka kutali. Mapewa akwana, mapazi akwana, osatsala mpata ngakhale wa chala. Dzuwa la masana, kapilo kaja... ndagona tulo, anthuni. Tulo tokoma tomwe sindinagonepo chibadwire.

Podzidzimuka ndikuona nkhope ya mayi Nachisale, alandilodi, itasuzumira pabowo. Abwera kudzandiuza kuti ndisunthe galimoto ayanike zovala. Ine mwaulemu wanga ndatsegula maso nkuti, "Mwaswera bwanji amayi?"

Beseni uko, zovala uko, silipasi imodzi yatsala pageti. Kukuwa kwawo kwamveka mpaka kumsika.

Mipiringidzo ndaika iwiri yokha. Yotsalayo ndidzaika tsiku lina.

Lachisanu

Ndadzuka, pamsewu wa pageti pali masamba. Wina wayala dzulo madzulo kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Njinga zikudutsa zokankha. Ndawachotsa ndekha, womwalira ndemwe.

Kawale wagawika pawiri. Ena amva kuti ndafa. Amayi atatu a kumpingo afika ndi nkhuni pamutu, andipeza ndikutsuka mano, abwerera nazo nkhope zili gwaa ngati ndawalakwira. Enawo amva zoipa kuposa apa: akuti ndimagona m'bokosi la maliro masana, ndi chizimba cha kulemera. Kulemera kwake kuti? Aone matayala anga!

Bambo wina wa pashopu wandikokera pambali, akunong'ona: "Sing'anga wake ndi wa kuti, bwana?" Ndamuuza kuti ndi za besi. Wagwedeza mutu ngati wamva chinsinsi chachikulu.

Ana sakuseweranso pafupi ndi galimoto. Galu wa alandilodi wakhala patali, akuliyang'ana bokosilo osaphethira.

Yankho waimba. Mawu ake ndi otsika. "Iwe, nkhani yafika kuno. Amalume sanadye. Mawa chinthu chimenecho usabwere nacho, ndapota nawe." Ndamuuza kuti asadandaule. Koma DJ kulibe, ndinakaniza ndine. Chinkhoswe chopanda nyimbo anthu afupa bwanji? Ndipo mawu aja, "tidzamva," akundilira m'khutu.

Nzeru ilipo: ndilifunditsa chitenje, palibe adziwe. Bowo lopumira ndaboola ndekha chakumbali. Ndayesa motsitsa. Tsopano silikungogogoda. Likupumanso. Fuu, fuu, chitenje chikukwera ndi kutsika.

Ndili ndi mantha, ndinene zoona. Osati ndi bokosi. Ndi amalume.

Loweruka

Area 23. Tenti, mipando, azakhali anga ochokera ku Dedza, tambala wathu womangidwa miyendo. Galimoto ndaiimika chafutambuyo pafupi ndi tenti, chitseko chakumbuyo chotsegula, chitenje chofunditsa bwinobwino. Mtsogoleri wa mwambo ndamupatsa foni, ndamuonetsa pokwezera.

Poyamba zonse zili bwino. Nyimbo motsitsa, anthu akuvina pang'onopang'ono. Mtima wayamba kukhala m'malo.

Yafika nthawi yoti ndiloze mkazi wanga. Atsikana akutuluka m'nyumba mondondozana, atafunditsidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, osaoneka nkhope. Ine ndaima pakati pa bwalo. Apo amalume akweza dzanja: "Paja munati tidzamva. Kwezani."

Mtsogoleri wa mwambo wakweza mpaka kumapeto.

Gu! Gu! Gu! Chitenje cha pabokosi chafufuma, chatsika, chafufumanso, kenako chatsetsereka chonse pansi. Vanishi waliwali. Zogwirira ng'aning'ani padzuwa. Sikuluu imodzi yathothoka, chivundikiro chayamba kudzuka ndi besi, chikutseguka ndi kutsekeka, malesi oyera akusuzumira panja.

Wina wazula waya. Zii. Ndipo m'kachetechete momwemo, pamaso pa anthu onse, lagogoda kamodzi.

Mayi wina wachikulire kumbuyo wayambitsa nyimbo ya maliro, mwina pakamwa pangozolowera. Anzake alandira, mawu anayi, bwino kwambiri. Azakhali anga omwe akulira. Atsikana ofundidwa aja abalalika aliyense njira yake, akuomba mipando, ndipo sindikudziwa kuti Yankho ndi uti woti ndimuthamangire. Tambala wamasuka, wapita.

Amalume okha sanathawe. Avula chipewa, ayenda mpaka pagalimoto. Ayang'ana bokosi kumutu mpaka kumiyendo. Ayang'ana ine kumutu mpaka kumiyendo.

"Nlanu ndithu," akutero. "Tamva. Mwana wathu sitipereka kwa munthu wolongedza kale."

Lamulungu

Kutchalitchi benchi yonse ndakhala ndekha. Mpata wabwino.

Yankho sakuyankha foni. Mng'ono wake akuti amalume amutenga m'mamawa kupita naye ku Ntcheu, akapume kaye. Kupuma kwake mpaka liti, sakudziwa.

Ndapita ku Biwi kukabweza bokosi. A Jailosi ali pashedi pawo ngakhale lero, akupala thabwa. Alizungulira bokosilo, agwira kapilo, anunkhiza. Akuti, "Mwagonamo." Ndavomera. Akuti, "Logonedwamo kale silibwerera." Ndawapempha kuti angolidula pakati likhale lalifupi. Akana, akuti iwo sadula munthu miyendo. Pondiperekeza andisisita paphewa ndi dzanja lozizira lija: "Musalitaye. Vanishi ndinapaka kawiri, lidzakudikirani."

Pobwera ndinalibe chochita, ndiye ndamaliza mipiringidzo yonse. Kumbali, pansi, pachivundikiro, guluu ndi masikuluu. Ndayatsa. Anthuni, besi yake! Yoyera, yakuya, yofika m'chiwindi. Kugogoda kwatheratu. Kawale yense palibe galimoto yolira chonchi, ndipo aneba onse atseka mawindo.

Alandilodi akuti m'nyumba mwawo chinthuchi chisalowe, pabwalo pawo chisatsike. Ndiye chikhala momwemo. Mpando wa Yankho ukadali chigonere pansi pake.

M'galimoto mwatsala malo a anthu awiri, woyendetsa ndi wogona. Onsewo ndine.