Mmene ndinasalira Ramazani osadziwa

Mpaka lero ndikamadutsa pa shopu ya Che Saidi ndimanamizira kuyankha foni. Bambo aja sanandilakwire chilichonse. Vuto ndi loti anaonapo nkhope yanga ili m'beseni la futali.

Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo boma linandiponya kuno ku Mangochi tsitsi lidakali lonse. Chaka chimene zinachitika izi ndinali nditagwira paliponse: m'mawa kusukulu, masana ana a patitayimu, Loweruka ku Nkope kukagula usipa wotumiza kumudzi, mpata ukapezeka ku Chiponde kukapikula zitenje. Kutchalitchi akangoti tisankhe mlembi, dzanja langa linkadzuka lokha. Ndinkanyadira nazo (pajatu ife abambo opitirira zaka fote timayesa kutopa ndi ulemu).

"Bambo a Tadala, mapanga awiri avumbwitsa," mayi a kunyumba ankatero. "Inu muli nawo asanu."

Thupi linali litayamba kale kudandaula. Kunkhongo kunkalemera, tulo tinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo adokotala anali atandichenjeza kuti magazi akuthamanga. Bambo anga anapita ndi matenda omwewo, choncho mantha ndinali nawo, kungoti nthawi yochitira manthawo ndinalibe. Chakudya ndiye ndinkangoiwala. Tiyi ankazizira patebulo, kontena ya mpunga inkabwerako kusukulu yosatsegula.

Kenaka unakwana mwezi wa Ramazani. Nyali yanga inkayaka m'bandakucha ndikuchonga makope, nthawi yomwe anzathu achisilamu amadya chakudya chomaliza dzuwa lisanatuluke. Masana wina akandipatsa chinangwa ndinkangoti, "Zikomo, panopa ayi," uku ndikuthamanga milomo itauma gwa. Anthu anaphatikiza okha. Amayi a pamsika anayamba kundilonjera mwaulemu wachilendo, ine n'kumati ayi ndithu, khama langa layamba kuoneka.

Tsiku lina Che Saidi, neba wathu wogulitsa malata ndi misomali, anandiimitsa pamsewu.

"Aphunzitsi, mawa mudzadyere kwathu dzuwa likalowa. Zinthu izi munthu sapanga yekha."

Sindinafunse kuti zinthu zake ziti. Ndinangoona kuti pakati pa patitayimu ndi kwaya pali kampata, basi ndinavomera.

Ndinafika thukuta lili kamukamu, m'mimba muli tiyi wa dzulo. Pabwalo anali atayala mikeka, pali abambo angapo ovala mikanjo, pakati beseni la futali wa mbatata wonunkhira nsinjiro. Kunena zoona, aka kanali koyamba kukhala pansi masiku ambiri popanda cholembera m'manja. Atamwa madzi ndi kunena mapemphero awo, mkulu wina wa ndevu zoyera anandiyang'ana mwachikondi.

"Tayamika, aphunzitsi. Munthu wa tchalitchi kusala nafe mwezi wonse mwakachetechete, osadzionetsera, si zapafupi. Achinyamata athu atengerepo phunziro."

Onse anagwedeza mitu. Apo m'pamene ndinazindikira. Manyazi anandigwira kuchokera kuphazi. Munthu wanzeru akanayamba wadya kaye, kufotokoza pambuyo. Koma ine uphunzitsi unandikwera, ndinati nkhani iyi ndiikonze nditaimirira. Ndinadzuka msangamsanga, n'kunena kuti, "Akuluakulu, pali kusamvana pang'ono..." Mikanjo ija inayamba kuzungulira, kenaka mdima.

Zotsatira ndinachita kumva. Akuti ndinagwa chafufumimba, nkhope m'futali, ndipo anandinyamulira kuchipatala pa kalole kamene Che Saidi amanyamulira malata. Akuti m'njira monse mkulu uja ankauza anthu kuti kusala kwandipweteka chifukwa ndine wosazolowera (ulemu wanga unali ukukwerabe, mwini wake ndili chikomokere).

Ndinatsitsimuka ndili pabedi, diripi pamkono, nsinjiro m'khutu. Amene anaphwanya zonse ndi mayi a kunyumba, pamaso pa gulu lonse.

"Kusala chiyani? Awa amangoiwala kudya. Mpunga wawo ndimadyetsa nkhuku tsiku lililonse."

Mkulu uja anatsokomola, n'kunena kuti akachedwa kumzikiti. Adokotala sanaseke. Anati bipi yakwera moti ndikapitiriza chonchi, ulendo wina sindidzagwera m'beseni koma ndidzafa ziwalo, kapena kuposa apo. Ndinaona Tadala, mwana wathu wamkazi, ataima pakhomo la wodi akupukuta misozi ndi yunifolomu, ndipo pamenepo mtima unandiwawa kwenikweni.

Ena atatuluka, Che Saidi anatsala. Anakhala pamphepete pa bedi, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, ife timasala mwezi umodzi, dzuwa likalowa timadya, ndipo timadziwa amene tikumusalira. Nanga inu chaka chonse chino mukusalira ndani?"

Ndinadzichotsa nsinjiro ija m'khutu. Ndinawalonjeza kuti ndikhala pansi ndiliganizire bwinobwino funso lawolo, ndipo ndidzaterodi, ndikangopeza mpata.