Azakhali Awiri Achuluka

Usiku watha ndinalota, anzanga inu, ukwati wa Ndaziona, mwana wa achimwene, uja amagwira ntchito yophunzitsa makompyuta kufupikitsa masamu. Ndiye pakhomo pa holo panali chikompyuta chachikulu ngati nkhokwe, chikuti, "Ukwatiwu watalika. Ndiufupikitsa!"

Ndiye a Chikakuda, apampando a komiti, anangomera nthenga n'kukhala nkhanga yovala tayi, n'kuyamba kujompha aliyense amene chikompyutacho chaloza.

Chikompyutacho chinati, "Alowa n'kutuluka awo, n'chimodzimodzi sanabwere. Chotsani!"

Jo! A Gomani, aneba athu, anazimiririka, chotokosera m'mano chili m'malere.

"Aimirira osanena kanthu awo, aonjezera ziro. Chotsani!"

Jo! Ankhoswe anapita. Ine kuseka mpaka duku kugwa.

Mwadzidzidzi ndinaona mng'ono wanga Felesiya ali phee pa mpando wa kutsogolo, pambali pa mkwatibwi, atavala diresi la manja otukumuka. Paja ndinakanyengerera telala wake kuti andisokere lofanana ndendende, kuti asandipose. Mpandowo unandinong'oneza, "Mayi, ndinali wanu ine, koma awa amanunkhira."

Ndiye ndinathamanga n'kukhala pamiyendo pa Felesiya.

"Achemwali, mukundiphwanya!"

"Sendera, iwe! Mwanayu ndinamubereka kumsana iwe ukadali ndi mamina."

Chikompyuta chinatsokomola. "Azakhali ndi azakhali, nsalu imodzi, msoko umodzi. Zofanana ziwiri timasunga chimodzi."

"Sungani ine, bwana! Uyu ngakhale nthungululu satha."

"Za nthungululu sindidziwa. Ndimaona maonekedwe basi. Wofika koyamba ndiye atsale."

Ndiye ndinang'amba dzanja la diresi langa kuti tisiyane. Mwadzidzidzi la Felesiya linagwa lokha. Ndinavula nsapato, zake zinayenda zokha kukakhala pambali pa zanga, zikupatsana moni. Ndinalavula dzino, iyenso pakamwa yasaa, mpata womwewo!

Nkhanga ija inafika n'kukonza tayi. "Pepani mayi, ndi lamulo." Inayambira kundijompha ku zala za kuphazi. Ikufika m'mawondo, ndinamva Ndaziona akukumbatira Felesiya: "Azakhali anga okhawo!"

Okhawo! Ndinafuna kukuwa, koma pakamwa nkhanga inali itachotsapo kale.

Ndinadzidzimuka ndi phokoso la ndowa pa mpopi, madzi ali kholopholo. Ndinayamba ndadzigwira miyendo: ilipo yonse iwiri, yofanana. Koma zimenezi musakauze chikompyuta chija.