Mtengo wa Mapampu Omwe Sanajambulidwe

Lolemba
Bungwe lathu kuno kunja, mumzinda, ku Westlands, likufuna kuika madzi kumsasa wa othawa kwawo, kumpoto: zitsime, mapampu oyendera dzuwa, mathanki, ndi wailesi yoti pampu ikafa tizimva kuno. Chojambula cha pulani yake palibe. Bwana wathu, a Mutua, akufuna mtengo wake pofika Lachisanu. Ine ndi kalaliki chabe wa mainjiniya, ndipo kontrakiti yanga ikutha mwezi wamawa. Akuti, "Dzina lako likhala pansi pa nambalayo."

Lachiwiri
Zosadziwika:
zitsime zingati
madzi ali pakuya bwanji
anthu angati (akubwerabe)
ngati msewu ulipo
A Wanjiru, injiniya wa mapampu, akuti, "Ingolemba pafupifupi." Pafupi ndi chiyani?

Lachitatu
Ndakwera minibasi, kuno amati matatu, kukafunsa mapaipi m'tauni. Wasitolo: "Mainchesi angati?" Sindikudziwa. "Bei ya leo, kesho sijui," ndiye kuti mtengo ndi wa lero, za mawa sakudziwa. Ndafukula fayilo ya ntchito yakale yofananirako, ndachulukitsa, ndabwereza katatu. Mashilingi mamiliyoni khumi ndi awiri. Sindinawonjezere ngakhale ndururu, kakhobidi kakang'ono ka kuno.

Lachinayi
Injiniya wa wailesi wakumbukira kuti pakati pali phiri. Pafunika nsanja. Mwina ziwiri. Disiketi ya mawerengero anga ikukana kutseguka pakompyuta. Chapati changa chamasana ndapatsa mlonda.

Lachisanu
Ndaphatikiza nsanjazo, ndapereka mamiliyoni khumi ndi asanu. A Mutua osawerenga n'komwe, cholembera chofiira: khumi! A Wanjiru akuseka mpaka misozi. Kani muno aliyense amawonjezera theka, podziwa kuti bwana amadula. Bwana amadula podziwa kuti aliyense amawonjezera. "Palibe anakuuza, ndugu?" Palibe. Wachilungamo mu ofesi yonse ndi ine ndekha, ndipo sizikundisangalatsa.

Loweruka
Ku Karen, kunyumba kwa a Mutua, kukaulula kuti ine sindinawonjezere theka, khumiyo sikwana. Minibasi ziwiri, kenako wapansi, agalu kumpanda uliwonse. Ndawapeza akuthirira maluwa. Fakisi ya khumiyo inapita kale dzulo kwa opereka thandizo. Akuti ndisade nkhawa, kontrakiti awonjezera zaka ziwiri. "Wolemba nambala ndiye aziyang'anira ntchitoyo. Ndani wina akuimvetsa?" Ndathokoza. Ndawombanso m'manja, zachikhalidwe.

Lamulungu
Kutchalitchi Amalawi anzanga akundigwira chanza, ati Mulungu wayankha. Ndavomera. Kalata ya kwa mayi ku Ntcheu ndalemba kuti ntchito ilipobe, zina ndasiya. Masana ndayala mapu patebulo, ndikusankha chitsime choti tisakumbe. Zonse zili ndi anthu pafupi.