Ine ndi folokolifiti ya a Mhone

Amene anandilakwira ndi a Mhone, kapitawo wathu wa ku shedi yosungira katundu, bambo wa ku Nkhata Bay wosavula tayi. Anandilonjeza kuti adzandiphunzitsa folokolifiti, kagalimoto ka mafoloko konyamulira katundu kaja. Tsiku litafika, kiyi anapatsa mphwawo wa Fomu 4. Ine wa Sitandade 7 akuti ndizisenzabe pamutu.

Shedi ija ndimaisowa, abale. Katundu sanali wathu ayi. Makampani opanda malo ndi malole ankatisiyira kuti tiwasungire, tiziwaperekera m'magolosale. Denga lalitali ngati la tchalitchi, khomo loti lole n'kulowa chafutambuyo, mvula ya Mzuzu osalawa thumba n'limodzi lomwe. Pansi posalala panali mizere yachikasu: uku shuga wa eni ake, uko sopo wa ena. Kuwolotsa katundu mzere linali tchimo.

Tsiku lina anthu ali kokadya, ndinapeza kiyi ali pafolokolifiti pomwepo. Mtima unali ukuwira kale. Ndinakwera. (Ndinapalasapo sakramento, kabaza wa kuno, zaka ziwiri ku Ching'ambo, ndiye ndinkadziyesa dalaivala.) Palibe anandiuzapo kuti chinthu chija chimakhota ndi matayala akumbuyo. Nditangopotoza chiwongolero, matako ake anakagunda zigubu za sopo wamadzi. Mwamantha ndinaponda polakwika, mafoloko n'kulowa m'matumba a shuga. Shuga waa! Sopo naye anawoloka mzere n'kukamupeza.

"Nchivichi ichi, iwe?" anakuwa a Mhone ali pakhomo, tchipisi chili m'manja.

"Mukanandiphunzitsa, bwenzi zitatere?" ndinawakalipira, ndikudumpha pansi mwaukali. Ndinatera pa sopo. Chagada, miyendo m'mwamba, anzanga onse akuona. (Mphwawo uja ndiye anandidzutsa. Zimenezo zimandiwawa kuposa msana.) Ntchito inathera pomwepo.

Ndinabwerera pa njinga, ndipo miyezi yonseyi ndakhala ndikunola mawu oti ndidzawalase nawo. Sabata yatha ku Katoto munthu wa tayi anandiimitsa. "Mundiperekeze ku Geisha, dada." Anali a Mhone, ndipo anandizindikira atakhala kale pakaliyala. Ine ndinkapalasa chitunda, mawu anga ndikuwayala bwinobwino m'mutu.

Atatsika anati, "Yewo chomene."

Ndinawayang'ana m'maso, chifuwa chili tototo, ndinatsegula pakamwa.

"Bwana, kodi kagalimoto kaja kamalirabe pii-pii kakamabwerera m'mbuyo? Ngakhale kantchito kosesa kokha mundiitane, mizere ija ndimaidziwa."