Ndinatenga amuna anga kukandipemphera malipiro

Mpaka lero akandikumbutsa nkhaniyi ndimangofuna nditalowa pansi. Koma poti ndinaziyamba ndekha, imvani.

Ndinkakolopa m'maofesi ku Sandton, chaka chachinayi. Tsiku lina ndinaona kapepala ka malipiro ka mnzathu wina wamwamuna, wobwera dzulodzuloli. Mayo ine! Mopu yomweyo, ndowa yomweyo, koma iye ankandiposa. Zinandiwawa, chifukwa ife ku Hillbrow tinkagona chipinda chimodzi ndi banja lina, malire ake katani. Ndinkalakalaka chitseko changachanga.

Mnzanga wina wa ku Zimbabwe, koma makolo ake a ku Dedza, anandiuza kuti, "Sisi, kuno ndi ku Joni. Lowa wekha kwa abwana, ukanene mtengo wako." Ine n'kuona ngati chipongwe. Kwathu nkhani ikakula, mkazi amatsogoza womulankhulira. Ndiye ndinatenga bambo a kunyumba, amene nthawi imeneyo ankangoyendera maganyu. (Shati ndinawasitira ndekha, tangoganizani.)

Tinalowa. Abwana, mayi wachizulu wosakonda kuzungulira, anatilozera mipando. Abambo anayamba ndi moni wautali, kenako kuthokoza. "Mwatisungira bwino mayiwa. Kunyumba sadandaula ngakhale pang'ono." Ndinawaponda phazi. Iwo n'kulisendeza mwaulemu, kuganiza kuti andipanikiza.

Asanafike pa ndalama, mpando wa abwana unalira kuti kwee. Basitu, abambo aja anagwada, kusolola sikuludiraiva m'thumba, n'kuumanga. Anakonzanso chitseko cha kabati chimene palibe anawatuma. Abwana n'kufunsa, "Kodi baba, muli pa ntchito?"

Tinatuluka iwo atalembedwa ntchito, malipiro oposa anga. Ine osawonjezeredwa olo randi imodzi.

Mu takisi anandigwira dzanja, nkhope ili ngwee. "Mayi, mwaona? Zayendatu." Ndinayesa kukwiya koma zinakanika, ndinaseka mpaka misozi. Munthuyo anachitadi ndi mtima wonse.

Lolemba lake ndinakagogoda ndekha kwa abwana. Ndinanena zaka zanga zinayi, ndinanena mtengo wanga, mawu akunjenjemera ngati a mwana woyimba yekha kutchalitchi. Abwana anamwetulira. "Ndimadikira kuti mwini mopu alankhula liti."

Anandiwonjezera, ndipo chitseko chija tinachipeza. Koma abambo mpaka lero amauza alendo kuti anakandilankhulira ndi iwo. Ine ndimangowathirira tiyi.